LIKOMA, DOKO LA PAKATI PA NYANJA

Ana ambiri a m'mzinda wa Lusaka, a ku Kabwata, ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, amalankhula Cinyanja tsiku ndi tsiku, koma owerengeka okha ndiwo anaionapo nyanja imene cilankhulo cao cinatengako dzina. Anyanja ndiwo anthu a m'mbali mwa nyanja yaikulu ya kum'mawa, imene ku Malawi amaicha Nyanja ya Malawi, ku Tanzania Nyasa, ndi ku Mozambique Niassa. Nyanjayi ndi yaitali makilomita ngati 580, ndipo pena ndi yakuya mamita 700. Mu Afrika monse iposedwa kukula ndi nyanja ziwiri zokha, Victoria ndi Tanganyika.

M'kati mwa madzi amenewa muli cisumbu dzina lace Likoma. Cisumbu, kapena cilumba, ndi mtunda wozingidwa ndi madzi mbali zonse. Mwana wa mu Lusaka akatumidwa kukagula ufa kapena sopo saganizako za m'mene zinthuzo zinafikira m'sitolo, pakuti magalimoto amalowa m'mzinda usana ndi usiku, ena kucokera ku Kafue, ena ku Kabwe, ena ku Mumbwa, ena ku Chipata. Ku Likoma sikufika mseu uli wonse wocokera kunja. Khomo la cisumbuco ndi doko lace, ndipo moyo wa anthu ace umayenda monga m'mene sitima iyendera.

Njira ya kunyanja

Munthu wofuna kukaona Likoma kucokera ku Lusaka amakwera basi m'mamawa pa Inter-City, pa mseu wa Dedan Kimathi. Basi imatsata mseu waukulu wa kum'mawa, ipitirira thanki ya madzi ya ku Chelstone, ifika ku Chongwe, nitsikira m'mapiri kufikira pa mlatho wa Luangwa. Kucoka apo ipyola Nyimba, Petauke ndi Katete, ndi kufika ku Chipata itayenda makilomita ngati 570. Mlendoyo aonetsa pasipoti yace pa malire a Mwami, nalowa m'Malawi pa Mchinji. Atafika ku Lilongwe akwera galimoto lina lonka ku Monkey Bay, kumwera kwa nyanja, ndipo kumeneko ndiko kwao kwa sitima.

Sitima ya Ilala

Sitima yochuka koposa zonse pa nyanjayi ndi Ilala, ndipo dzina lace linacokera m'Zambia. Ilala ndi dziko la Alala, kumene David Livingstone anamwalira m'caka ca 1873, m'mudzi wa mfumu Chitambo. Patapita zaka ziwiri amishoni a ku Scotland anadza ndi sitima yaing'ono imene anaicha Ilala pomkumbukira iye. Pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zitsulo zace pamutu kufikira pamene madzi adekha. Kumeneko anailumikizanso, ndipo inalowa m'nyanja m'mwezi wa October, 1875. Iyo ndiyo inali sitima yoyamba ya moto kuyenda pa madzi amenewa.

Ilala yaciwiri, imene anthu aidziwa masiku ano, inapangidwa pafupi ndi Glasgow m'caka ca 1949. Nayonso inabwera m'zidutswa: pa nyanja ya mcere kufikira ku Beira, pa njanji kufikira ku Chipoka. Amisiri anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba nchito m'caka ca 1951. Ndi yaitali mamita 52, ndipo imatenga anthu oposa 300 pamodzi ndi katundu wao.

Kwa zaka zambiri dongosolo la ulendo wace linali lotere: kunyamuka ku Monkey Bay Lacisanu, kuima pa madoko a m'njira, kufika ku Likoma Loweruka, kupitirira ku Chizumulu ndi ku Nkhata Bay kufikira ku Chilumba kumpoto, ndi kubwerera njira yomweyo kukafikanso kwao Lacitatu. Motero wofuna kuzungulira ulendo wonse amagona pamadzi masiku asanu, ndipo cisumbu ca Likoma cimaiona sitimayo kawiri pa sabata, ponka kumpoto ndi pobwerera kumwera.

Masiku a pamadzi

M'sitima muli malo a mitundu itatu. Pamwamba pali bwalo lopita mphepo, pamene alendo amayala mphasa kapena matiresi ndi kugona poyera akupenya nyenyezi. Pakati pali tizipinda towerengeka ta mabedi. Pansi mpamene pakhala anthu ambiri, amalonda, asodzi, ana a sukulu ndi amai obereka ana, pakati pa matumba, madengu, njinga ndi nkhuku. Pamenepo mpothinana ndi potentha, koma mpamenenso pamveka nkhani zonse za m'mbali mwa nyanja.

Mlendo wocokera ku Lusaka amazizwa poona kuti pena mtunda usowa konse, patsala madzi ndi thambo basi. Nthawi zina aona cinthu conga utsi wakuda cikukwera kucokera pamadzi, nayesa kuti kwapsa ngalawa. Si utsi ai, koma nkhungu, tizilombo touluka tating'ono kwambiri timene timaswa m'madzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatigwira ndi malicero, naumba timitanda takudya.

Nyanja si yofatsa masiku onse. M'nyengo yozizira kumaomba mwera, mphepo yamphamvu yocokera kumwera, imene imautsa mafunde aakulu ngati a pa nyanja ya mcere. Pa 30 July, 1946, sitima ina yatsopano dzina lace Vipya inagubuduzika ndi mphepo yotere kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anamira. Cifukwa cace amalinyero amauopa mwera, ndipo kapitao wanzeru amalola kucedwa tsiku lathunthu kusiyana ndi kutaya anthu. Wokwera Ilala amaphunzira msanga kuti pamadzi koloko silamulira.

Kufika pa doko

Sitima itacoka ku Nkhotakota imaoloka nyanja kulinga kumpoto ca kum'mawa. Poyamba amaoneka ndi mapiri aatali a ku Mozambique, obiriwira ngati mtambo. Pambuyo pace, patsinde pa mapiriwo, paoneka kamtunda ka miyala kokhala ndi mitengo ya milambe. Ameneyo ndiye Likoma. Sitima iliza lipenga lace, ndipo mau ace amveka cisumbu conse. Ana athamangira kugombe, amalonda atenga mawilibala, amai asiya mitondo.

Kwa zaka zoposa 60 ciyambire Ilala kuyenda, pa Likoma panalibe malo omangidwa oti sitima yaikulu ikocezepo. Inali kuponya nangula m'madzi akuya kutsogolo kwa gombe la Mbamba, ndipo amalinyero anali kutsitsa mabwato awiri a injini amene amapacikidwa m'mbali mwace. Anthu anali kutsika pa makwerero mmodzimmodzi, bwato likukwera ndi kutsika ndi mafunde pansi pao. Mnyamata wa m'sitima anali kuima m'bwato atatambasula manja, nanena kwa nkhalamba, "Musayang'ane madzi, agogo, gwirani dzanja langa." Khanda anali kulipatsirana m'manja kufikira lifike kwa mai wace. Bwato likafika pafupi ndi mcenga, onse anali kupinda zobvala ndi kutsikira m'madzi ofika m'maondo kapena m'cuuno, katundu ali pamutu.

Anthu atatha, inali nthawi ya katundu: matumba a cimanga ndi ufa, shuga, mcere, sopo, mafuta, malata, simenti, mabuku a sukulu ndi mankhwala a kucipatala. Thumba la simenti likanyowa latayika, ndipo la shuga cimodzimodzi. Tsono onyamula anali kuyenda mosamala ngati asenza mazira. Pobwerera kusitima mabwatowo anali kudzaza ndi matumba a usipa wouma wonka kumisika ya kumtunda. Nchito yonseyi inali kutha maora ambiri, ndipo sitima ikafika usiku inali kucitika ndi nyali. Mwera ukaomba inali nchito yoopsa ndithu.

Cifukwa cace sitima ifunika

Mlendo ali ndi maora amenewa kuti aone cisumbu. Likoma ndi laling'ono, pakuti munthu wamphamvu akhoza kuyenda pansi kucokera kumpoto kufika kumwera m'maora ocepa. Pafupi pace pali cisumbu cinzace cocepa koposa, Chizumulu. Pa kalembera wa m'caka ca 2018 anthu a pa zisumbu ziwirizi anapezeka oposa 14,000.

Anthu oculuka cotere sangathe kudya za m'minda yao yokha. Nthaka ya pa Likoma ndi ya mcenga ndi miyala, ndipo cimanga sicibereka bwino. Cimene cimalola ndi cinangwa, cimene amai amabviika m'madzi, naciyanika, nacisinja kuti aphike nsima yochedwa kondowole. Milambe ndi mango zilipo zambiri, koma mitengo ya nkhuni njosowa. Cuma ceniceni ca cisumbuci cili m'madzi: usipa, utaka, cambo ndi kampango. Usiku asodzi amapalasa mabwato ao ndi nyali zowala zokopa usipa, kotero kuti woima pagombe angayese kuti pamadzi pali mudzi. M'mawa nsombazo aziyanika pa matandala.

Nsomba yokha siikhutitsa munthu, ndipo siimanga nyumba. Iyenera kuoloka nyanja kuti isanduke ndalama, ndipo ndalamazo zibwerere ngati ufa ndi malata. Nkhuni, nsungwi ndi zakudya zina zimadza pa ngalawa za matanga kucokera ku Cobue, tsidya la Mozambique, pakuti mpafupi, makilomita ngati 7 okha. Koma mtunda wa Malawi uli kutali, makilomita ngati 70 kufika ku Nkhata Bay. Cifukwa cace sitima ikaonongeka ndi kukhala pa nchito yokonza, mabvuto amafika m'nyumba iri yonse. Zinthu zimakwera mtengo m'masitolo, usipa uunjikana wopanda wogula, ana a sukulu za kumtunda acedwa kukayamba maphunziro, ndipo wodwala amene cipatala ca pa cisumbu camtumiza kwa madokotala aakulu ayenera kudziika pangozi m'ngalawa yaing'ono.

Chalichi ca pa Chipyela

Kucokera kugombe njira imakwera pang'ono kunka ku Chipyela, ndipo pamenepo mlendo amaima kukamwa kuli yasa. Pakati pa milambe pali chalichi cacikulu ca miyala, ca nsanja ziwiri, cacitali mamita pafupifupi 100. Dzina lace ndi St Peter's. Munthu sangalephere kufunsa kuti nyumba yotere inafika bwanji pa kacisumbu kakang'ono cotere.

Yankho lace lirinso m'sitima. Amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la Universities' Mission to Central Africa, anakhazikika pa Likoma m'caka ca 1885, mfumu Chiteji ya kutsidya itawalola. Masiku amenewo m'mbali mwa nyanja munali nkhondo ndi malonda a akapolo, ndipo cisumbu cinali ngati linga. Cinalinso ndi gombe lobisika ku mphepo, loyenera kusungirapo sitima yao, Charles Janson. Ndi sitimayo William Percival Johnson anali kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kusiya aphunzitsi ndi kutsegula masukulu. Mnzace, Chauncy Maples, anadzozedwa bishopu m'caka ca 1895, koma anamira m'nyanja caka comweco asanafike pa cisumbu, namondwe atagubuduza ngalawa yace. Sitima yaciwiri ya mishoni, imene inalowa m'madzi m'caka ca 1901, inachedwa dzina lace. M'kati mwace munali malo ophunzirira, opempherera ndi osamalira odwala.

Mwala woyamba wa chalichi unaikidwa m'caka ca 1903 ndi Bishopu Gerard Trower, ndipo nyumbayo inapatulidwa kotheratu m'caka ca 1911. Miyala anaiphwanya pa cisumbu pomwepo, ndipo anthu a pa Likoma, amuna ndi akazi, ndiwo anaisenza ndi kuimanga. Malata ndi magalasi a m'mazenera zinacokera kutali pa sitima. Malowo anawasankha dala. Chipyela ndi pamene kale anali kutenthera anthu onenezedwa ufiti, ndipo omangawo anafuna kuti pamalo pa mantha pakhale nyumba ya mapemphero. M'katimo muli mtanda waung'ono wosemedwa ndi mtengo wocokera kwa Chitambo, kumene Livingstone anafera.

Mishoniyi ndiyonso cifukwa cace Likoma liri la Malawi ngakhale liri pakhomo pa Mozambique. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana maiko m'pangano la m'caka ca 1891, gombe la kum'mawa linagwera Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsalira Angerezi popeza panali amishoni ao. M'caka ca 1954 anapangananso kuti malire apite pakati pa madzi, ndipo zisumbu ziwirizo zinakhala zozingidwa ndi madzi a dziko lina. Lero ndi boma paokha, laling'ono koposa maboma onse a m'Malawi.

Zimene zinaturuka pa dokoli

Pa doko la Likoma sipanaturuke usipa wokha. Popeza sukulu zinayamba msanga, anthu a pa cisumbuci anadziwa kuwerenga ndi kulemba pamene madera ambiri anali asanaone buku. Pa mishoni panali makina osindikizira, ndipo Johnson ndi anzace anamasulira Baibulo m'Cinyanja ca ku Likoma, cimene cimasiyanako ndi Cicewa ca ku Chipata kapena ca ku Lilongwe. Nthaka inali yocepa, tsono anyamata ophunzira anali kukwera sitima kukagwira nchito ya uphunzitsi, ukalaliki, umisiri ndi ya m'zipatala m'maiko ozungulira, nakhala atumiza ndalama kwao.

Nchito ya mishoniyi inafikanso m'Zambia. John Edward Hine, amene anakhala bishopu wa Likoma kuyambira 1896 kufikira 1901, ndiye anadzakhala bishopu woyamba wa Anglican m'dziko lino m'caka ca 1910, likuchedwa Northern Rhodesia. Wansembe wina wa Ciafrika, Leonard Kamungu, wobadwira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, anasiya kwao nakayamba mishoni ya Msoro pakati pa Akunda, m'cigwa ca Luangwa. Anagwira nchito zaka zowerengeka zokha, namwalira komweko m'caka ca 1913, koma mishoni imene anaiyamba ilipobe. Motero mwana wa mu Lusaka wopita pafupi ndi Cathedral of the Holy Cross, chalichi cacikulu cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, akuona nyumba imene muzu wace umodzi uli pa kacisumbu ka pakati pa nyanja.

Doko likula

Likoma likusintha pang'onopang'ono. Pali bwalo laling'ono la ndege, koma mtengo wa ndege ngwa alendo olemera odzaona mcenga woyera ndi nsomba za mawangamawanga za m'miyala, zochedwa mbuna. Ngalawa zina za injini zimayenda pakati pa cisumbu ndi Nkhata Bay masiku amene sitima kulibe. Kwa zaka zambiri magetsi anali kucokera ku injini za dizilo, zimene mafuta ace anali kudza pamadzi, ndipo anali kuzima usiku. Ca m'ma 2020 anaika makina otenga mphamvu ya dzuwa, ndipo tsopano kusunga mankhwala ndi nsomba pozizira nkosabvuta monga kale.

Cimene anthu anacipempha nthawi yaitali koposa zonse ndi doko lomangidwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 boma la Malawi linagwira nchito yomanga doko la simenti pa Likoma. Phindu la doko lotere ndi lodziwika kwa ali yense amene anatsikapo pa makwerero aja. Wodwala anyamulidwa pa macila kulowa m'sitima osanyowa. Katundu wolemera, monga zitsulo zomangira kapena galimoto, atsitsidwa osadula zingwe. Sitima siitaya maora ambiri pamalo amodzi, ndipo katundu akapanda kuonongeka m'njira mtengo wace m'sitolo utsika. Koma doko lopanda sitima ndi khonde lopanda nyumba. Ilala yagwira nchito zaka zoposa 70, ndipo citsulo cimakalamba monga munthu. Anthu a pa zisumbu akadali ndi nkhawa kufikira padzapezeke sitima zokwanira ndi zodalirika.

Kunyamuka

Lipenga likalira kaciwiri, mlendo ayenera kufulumira kubwerera kugombe, pakuti wotsala adikira masiku. Akulu anati mlendo ndi mame. Iye waona chalichi, walawa kondowole ndi usipa, kapena wapeza mwai woona anyamata obvala zoyera akubvina malipenga, ndipo kwa iye Likoma ndi doko limodzi mwa madoko ambiri a pa ulendo wautali. Amalinyero akweza nangula, sitima itembenukira ku Chizumulu, ndipo milambe iyamba kucepa m'maso.

Pagombe anthu abalalika ndi katundu wao. Wa sitolo awerenga matumba ace, namwino atsegula bokosi la mankhwala, mai wina awerenga kalata ya mwana wace wa ku Mzuzu kapena ku Lusaka. Akatha izi ayamba kuwerenga masiku otsala kuti lipenga limvekenso.

Mafunso

1. Dzina lakuti Ilala linacokera kuti?
2. Chulani mizinda isanu imene basi ipyola pakati pa Lusaka ndi malire a Mwami.
3. Fotokozani m'mene anthu anali kutsikira m'sitima pa Likoma doko lisanamangidwe.
4. Cifukwa ninji anthu a pa Likoma sangadalire minda yao yokha?
5. Cinacititsa nciani kuti Likoma likhale la Malawi, losati la Mozambique?
6. Leonard Kamungu anagwira nchito yanji m'dziko la Zambia?
7. Jambulani mapu a Nyanja ya Malawi, ndipo muonetsepo Monkey Bay, Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba.